Mmene mungakhalire bwenzi la wachinyamata wa ulumali kuno kuchigwa cha Shire

Mukadutsa m'midzi ya kwa Ngabu kapena ku Bangula cha m'ma 10 koloko m'mawa mwezi wa October, mupeza makomo ambiri ali zii. Akuluakulu alawirira kudimba dzuwa lisanakwiye, ana ali kusukulu, anyamata ali pasiteji ndi njinga zawo za kabaza. Koma mukayang'anitsitsa pakhonde kapena pansi pa mtengo wa nimu, pena mumaona munthu atakhala pamphasa, chigubu cha madzi chili pambali pake. Anamusiya pomwepo m'mawa, adzamupeza pomwepo madzulo.

Nsima amamusiyira, yovundikira bwinobwino. Chimene chimamudya ndi kusungulumwa. Taganizani mnyamata wa zaka 18 kutha sabata yathunthu osalankhula ndi wamsinkhu wake, osamva kuti ndani wafunsira mbeta, ndani wapita ku Joni, mpira wa Lamulungu unatha bwanji. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo, 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina wake, ndiye palibe mudzi wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje umene unganene kuti kwathu kulibe.

Ine ndinayamba kuyendera achinyamata otere kudzera m'gulu la achinyamata la kutchalitchi kwathu, ndipo zambiri zimene ndalemba apazi ndinaziphunzira nditalakwitsa kaye. Si ntchito yofuna satifiketi kapena bungwe la magalimoto. Ikufuna munthu wosunga tsiku, komanso wodziwa kubweza manja ake kumbuyo nthawi ikakwana.

Gawo loyamba: werengani nthawi yanu musanalonjeze

Ambiri amayamba ndi moto. Sabata ziwiri zoyambirira amapita tsiku ndi tsiku, kenaka thonje likayamba kutoledwa kapena ganyu ya mzimbe ikapezeka ku Nchalo, basi asowa. Kwa munthu amene anazolowera kusiyidwa, kumuzoloweretsa n'kumusowera kumapweteka kuposa kusabwera n'komwe. Dzifunseni moona mtima ngati mungakwanitse maola awiri pa sabata, tsiku lomwelomwelo, kwa miyezi 6. Yankho likakhala la kayakaya, dikirani kaye.

Sankhani munthu wapafupi, kumene mungafike wapansi kapena panjinga ngakhale mvula itagwa. Wa kutsidya la Shire musiyireni wa kutsidya komweko. Mnyamata ayendere mnyamata, mtsikana ayendere mtsikana. Mudzapewa miseche yambiri, ndipo makolo adzagona tulo. Komanso musachite panokha ngati chinsinsi. Khalani pansi pa gulu lodziwika, kaya la kutchalitchi, la kumzikiti kapena kalabu ya achinyamata, ndipo pakhale mkulu mmodzi amene akudziwa kuti mumapita kwa yani, tsiku liti.

Gawo lachiwiri: lowerani pakhomo, osati pazenera

Yambani ndi anyakwawa. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu nayenso amadziwa khomo lililonse, ngakhale lija limene limabisa mwana kuseri. Kuboma kuli ofesi yosamalira anthu, ndipo kuli bungwe la boma loona za anthu a ulumali, lija tinkalidziwa kuti MACOHA kuyambira 1971, limene tsopano likutchedwa MACODA potsatira lamulo latsopano la 2024. Kuwadziwitsa amenewa kumakuthandizani mawa mukadzafuna kudziwa kofunsira njinga ya anthu a ulumali kapena ndodo.

Pakhomopo dziwani woyenera kulankhula naye. Kuno tasakanikirana: m'mabanja ambiri a Chisena mawu otsiriza amachokera kwa bambo ndi abale akuchimuna, pomwe kwa Amang'anja ambiri simungadumphe amalume. Mukagwirizana ndi mayi okha pomwe mwini mbumba sakudziwa, mudzabwezedwa ulendo wachitatu popanda kukuuzani chifukwa.

Tsono pali vuto limodzi la kwathu kuno limene muyenera kulithetsa tsiku loyamba lomwelo. Chigwa chino chaona madzi osefukira kambirimbiri, ndipo madzi akaphwa kumabwera anthu a mabuku kudzalemba mayina. Ndiye mlendo aliyense wofunsa za mwana wa ulumali amaoneka ngati wabwera ndi kaundula. Anthu sakulakwa kuganiza choncho, anazolowetsedwa. Inuyo nenani poyera musanakhale n'komwe pansi:

"Mayi, ine sindinabwere kudzalemba mayina. Ndilibe ufa, ndilibe lona, ndilibe ndalama. Ndikungofuna ndizibwera Lachitatu lililonse kudzacheza ndi achimwenewa, ngati eni akewo angafune."

Nkhope zina zidzagwa. Zigwe lero lomwe, kusiyana n'kuti azikuyang'anani m'manja kwa miyezi itatu.

Mawu otsiriza aja, akuti ngati eni akewo angafune, musawatenge ngati ulemu chabe. Tembenukani mumufunse mwini wake, dzina lake mulimve kuchokera pakamwa pake kapena m'manja mwake. Akakana, musakakamire. Muuzeni kuti mudzadutsanso pakatha sabata ziwiri, ndipo mudutsedi.

Gawo lachitatu: maulendo oyambirira

Khalani pansi kuti maso anu afanane ndi ake. Ngati ali pamphasa, inunso pamphasa, ngakhale akupatseni mpando wa alendo. Musayambe ndi funso lija aliyense amamufunsa, lakuti chinachitika n'chiyani. Walifotokoza kokwanira kwa madokotala, asing'anga, abusa ndi anthu odutsa m'njira. Akadzafuna adzakuuzani yekha.

Samalani ndi mawu. Mayina aja timawamva pamsika, monga chopunduka, chitsiru, chidzete, napweri, asatuluke pakamwa panu ngakhale mwanthabwala. Timati munthu wa ulumali, wa vuto la kumva, wosaona, wa khungu la chialubino. Koma choposa zonsezi ndi dzina lake, ndi ulemu umene mumapatsa aliyense wamsinkhu wake: achimwene, achemwali. Mtsikana wa zaka 20 musamulankhule ndi timawu ta mwana wa mkaka chifukwa choti amachedwa kuyankha.

Kwa wosaona, nenani dzina lanu mukafika, ndipo munene mukamachoka. N'zochititsa manyazi kupitiriza kulankhula ndi munthu amene ananyamuka kalekale. Kwa wa vuto la kumva, khalani pamene kuwala kukumenya nkhope yanu, musakuwe, musatafune mzimbe uku mukulankhula. Ambiri a m'midzi sanaphunzire chinenero cha manja cha kusukulu, ali ndi zizindikiro zawozawo zimene anapanga ndi apabanja, ndiye pemphani mng'ono wake akuphunzitseni. Wolemba ndi kuwerenga, mchenga wa pabwalo ndi bolodi yokwanira. Wovutika kutulutsa mawu musamumalizire chiganizo. Ngati simunamve, nenani kuti simunamve, abwereze. Kugwedeza mutu monama amakuzindikira msanga.

Ndipo konzekerani kuti kudzakhala chete. Mnyamata woyamba amene ndinkamuyendera anagwa mumtengo wa mango ali ndi zaka 12, msana unavulala, miyendo inasiya kugwira ntchito. Pamene ndinkamudziwa n'kuti ali ndi zaka 19. Maulendo atatu oyamba mayankho ake anali eya ndi ayi basi, maso ali pansi, akukanda mphasa ndi chala. Ndinkabwerera kwathu ndikudziona ngati wopusa. Ulendo wachinayi ndinapita ndi kawailesi, ndipo pa nkhani zamasewera ndinangodandaula ndekha za mmene Maule anasewerera. Ndinamva kuseka. Munthu uja anali wa Manoma wa magazi, ndipo tsiku limenelo anandinyoza kwa ola lathunthu osapuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akuluakulu sananame.

Choncho pitani ndi chochita m'manja, kuti nkhani izibadwira pa chinthucho: bawo, makhadi, wailesi, foni yokhala ndi nyimbo, ulusi ndi singano, nandolo woti musendere limodzi. Osapita ndi ulaliki pokhapokha ataupempha. Anapemphereredwa kokwanira kuti aimirire, ndipo ena anauzidwa kuti sakuchira chifukwa chikhulupiriro chawo n'chochepa.

Gawo lachinayi: sungani tsiku

Ili ndi lalifupi koma ndi limene limagwetsa ambiri. Mwati Lachitatu, likhale Lachitatu. Inu muli ndi zochita khumi pa tsikulo, iye ali ndi chimodzi, ndicho kubwera kwanuko; ena amasamba m'mamawa n'kuvala malaya a kutchalitchi. Mukalephera chifukwa cha maliro kapena matenda, tumizani uthenga m'mawa, ngakhale kudzera mwa mwana wa sukulu, ndipo munene tsiku lina lenileni.

Gawo lachisanu: tulukani naye

Pakatha mwezi kapena iwiri, muyambe kukamba zotuluka. Mufunseni kumene amalakalaka kupita. Mudzadabwa kuti si kutali: kumsika, kubwalo la mpira, kukaona mlatho wa Kamuzu, kukanema wa pa trading, kukamva kwaya ikuyeserera. Yambani ndi kufupi kwambiri, kubwerera asanatope, kuti ulendo woyamba ukhale wokoma kuukumbukira.

Njirayo muyambe mwaiyenda nokha dzulo lake, mukuiona ndi maso ake. Pali mchenga pati, pali ngalande pati, pali mthunzi pati, ndipo makamaka chimbudzi chili pati ndipo khomo lake n'lotani. Achinyamata ambiri amakana kutuluka osanena chifukwa, chonsecho nkhani ndi ya chimbudzi. Ena amafika posamwa madzi tsiku lonse kuti asavutitse anthu, zimene kutentha kwa kuno, kofika madigiri 40 ndi kuposera mu October ndi November, kungawagwetse nazo. Mufunseni pambali, mwaulemu, mmene amachitira kunyumba, mupangire limodzi nzeru.

Nthawi yabwino ndi m'mawa isanakwane 9 koloko kapena madzulo dzuwa litapendeka. Munthu wovulala msana thupi lake limavutika kudziziziritsa, ndiye tengani madzi akumwa ndi kansalu konyowetsa. Zitsulo za njinga zikakhala padzuwa zimatentha moti zikhoza kumuwotcha mwendo iye osamva kanthu. Zikhudzeni ndi dzanja lanu kaye. Akakhala nthawi yaitali azidzinyamula pang'ono kapena kupendekera mbali ina pafupipafupi, chifukwa zilonda za pokhalira zimayamba mwakachetechete ndipo zimavuta kupola.

Njinga ya anthu a ulumali ndi mchenga wa kuchigwa ndi adani. Timatayala takutsogolo timazama, mukakankha mwamphamvu munthu amagwa chafufumimba. Mukafika pamchenga kapena pachitunda, muuzeni kaye, kenaka pondani kachitsulo ka kumbuyo, mupendeketse njingayo kuti iyende ndi matayala aakulu okha, kapena muitembenuze muzikoka chobwerera. Potsetsereka kwambiri tsikani chambuyo. Minga ndi yambiri kuno, ndiye pampu ndi zigamba zisasowe, ndipo mumudziwitse kwa wokonza njinga wa pamsika kuti azidziwana okha. Musagwire njinga ya munthu musanapemphe, kapena kuitsamira pocheza. Kwa iye ili ngati miyendo.

Wosaona musamukoke dzanja ngati mbuzi yopita kumsika. Iye ndiye agwire chigongono chanu, inu mukhale patsogolo pang'ono, muzinena zimene zikubwera: tikutsika, pali ngalande, ngolo ikubwera kumanja. Mawu akuti uko ndi apo alibe ntchito. Ndipo muzimuuza zizindikiro za njira, monga phokoso la chigayo, fungo la pa chiwaya, pamene mchenga ukuthera n'kuyamba tala, chifukwa cholinga n'choti tsiku lina adzayende yekha ndi ndodo yake yoyera.

Wa khungu la chialubino afunika chipewa cha khonde, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu kudzuwa, amene amafunsidwa kuchipatala cha boma. Kachilonda kosapola pakhosi, pakhutu kapena pamlomo kasachedwe kuonetsedwa kwa dokotala, chifukwa khansa ya pakhungu imayamba choncho. Pa nkhani ya chitetezo musachite chibwana. Dziko lino laona anthu achialubino akuphedwa ndi kubedwa chifukwa cha zikhulupiriro zabodza, ndiye makolo akamakukayikirani musakhumudwe. Nenani kumene mukupita ndi nthawi yobwera, tengani m'bale wake mmodzi, bwerani kusanade, ndipo musamajambule zithunzi zake n'kuika pa Facebook zoonetsa kumene amakhala.

Wa khunyu akagwa muli naye, chotsani moto, miyala ndi chilichonse chomupweteka, muikeni chofewa kumutu, kugwedezeka kukatha mumugoneke cham'mbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamupanikize, musamumwetse madzi asanatsitsimuke. Zikapitirira mphindi 5 thamangirani kuchipatala. Anthu adzathawa, ena adzakukuwirani kuti mutengera akatulutsa mpweya kapena mukakhudza thovu. Khunyu sipatsirana, ndipo inu mukakhala pomwepo osathawa ndiye kuti mwaphunzitsa msika wonse. Kumtsinje ndi pamoto asamakhale yekha.

Maso a anthu adzakhalapo, ana adzakutsatirani. Musakalipe, musachitenso manyazi. Perekani moni monga mwa masiku onse ndipo mumudziwitse kwa anthu ndi dzina lake. Ulendo wachitatu anthu amakhala atatopa nako kuyang'ana.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: bwezani manja kumbuyo

Apa ndi pamene anthu a mtima wabwino amalakwitsa kwambiri, ine ndemwe woyamba. Tsiku lina tinapita kumsika ndi mnyamata uja kuti akagule malaya pakaunjika ndi ndalama imene amalume ake anamupatsa. Wogulitsa anayang'ana ine n'kufunsa kuti, "Awawa amavala saizi yanji?" Ine ndinayankha. Ndinasankha, ndinanenerera mtengo, ndinatenga ndalama m'manja mwake n'kulipira, chenji n'kumuikira m'thumba. Ndinkadziona ngati ndagwira ntchito. Pobwerera sanalankhule mpaka tinafika pa mjigo, pamene anati, "Achimwene, kodi pakamwa panganso m'polumala?"

Kuyambira tsiku limenelo wina akandifunsa za iye ndimangoti, "Afunseni eni akewo, ali pomwepa," n'kuyang'ana kumbali. Chitani chimodzimodzi. Musanathandize funsani, ndipo akati ndichita ndekha, pindani manja ngakhale zitenge nthawi yaitali bwanji. Kumanga batani kwa mphindi zitatu kumaoneka ngati chilango kwa woonerera, koma mwina ndi koyamba kuti wina amudikire.

Sankhani naye chinthu chimodzi chimene akufuna kumachita yekha, chimodzi basi, muchigawe tizidutswa. Tinene kuti akufuna kumakagula yekha zinthu paokala. Sabata yoyamba mupite limodzi, iye alankhule ndi kulipira. Yachiwiri inu muime patali pang'ono. Yachitatu mumudikire panjira. Yachinayi mukhale pakhomo muzicheza ndi agogo mpaka abwere. Akabwera ndi chenji choperewera, muwerengere limodzi, abwerere yekha kukafunsa.

Zina zimene zimatsegula zitseko zambiri n'zooneka zazing'ono. Chiphaso cha unzika chimaperekedwa kuyambira zaka 16, koma achinyamata ambiri a ulumali alibe chifukwa palibe anaganiza zowatengera kokalembetsa. Popanda chimenechi n'kovuta kulembetsa nambala ya foni m'dzina lake kapena kuvota. Akakhala ndi foni, aphunzire kutumiza ndi kulandira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, nambala yachinsinsi ikhale yake, inunso musaidziwe. Buku lake la kuchipatala azisunga yekha ndipo adziwe dzina la mankhwala ake ndi tsiku lokatenga ena. Ngati pakhomopo amalandira Mtukula Pakhomo, si udindo wanu kulowerera kagawidwe kake, koma mukhoza kumulimbikitsa kuti anene zosowa zake pamaso pa makolo.

Za ntchito, yambirani pa zimene manja ake ndi mutu wake zikutha kale, komanso zimene anthu a m'deralo amagula: kutchaja mafoni ndi sola, kuluka mphasa ndi madengu, kusoka, kumeta, kuweta nkhuku kapena mbuzi, kugulitsa masau ndi malambe nyengo yake, kukonza nsapato. Mupezereni mmisiri wa pafupi woti azikhala naye, kenaka banki m'khonde yoti alowe ngati membala wodziponyera yekha masheya. Amene anasiyira sukulu panjira ndipo akuifunabe, pitani naye kwa mphunzitsi wamkulu. Kuli aphunzitsi a maphunziro apadera, ambiri ophunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu, ndipo ofesi ya zamaphunziro ya boma lanu ingakuuzeni sukulu yapafupi imene ili nawo.

Makolo nthawi zina ndiwo adzaime panjira, ndipo musafulumire kuwaweruza. Mayi amene wabereka mwana kumsana mpaka zaka 15, amene anamva anthu akunena kuti anakhwimira mwana wake kapena kuti ndi tsoka la kwa amuna ake, akamati asapite agwa, akulankhula kuchokera pa zimene anaona. Musatsutsane nawo pamaso pa mwana. Apempheni abwere adzaone okha ulendo umodzi, aime patali. Mayi wa mnyamata uja tsiku limene anamuona akutsika yekha panjinga n'kukhala pabenchi la kutchalitchi, anangoti "takhuta" kawiri, ndiye kuti zikomo m'Chisena, n'kupukuta m'maso ndi chitenje.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: musakhale bwenzi lake lokhalo

Mukaona kuti akungodikira inu nokha sabata yonse, ndiye kuti kusungulumwa kuja mwangokusuntha pang'ono. Yambani kubwera ndi mnzanu mmodzi, kenaka wina. Samutsirani bawo la anyamata pakhonde pake tsiku limodzi pa sabata, kenaka iye azipita kumene bawolo limakhala. Ku timu ya mpira ya m'mudzi kumafunika wosunga ndalama, wolemba mayina, woimba mluzu. Ku kwaya kumafunika mawu, ndipo mawu safuna miyendo. Akhale ndi udindo woti akajomba anthu adandaule.

Mukumanitseninso ndi anzake a ulumali, makamaka akuluakulu amene ali pabanja ndipo akudzidyetsa okha. Pali zinthu zimene inu simungamuuze: mmene amafunsirira, mmene amakwerera minibasi kondakitala akufuna kulipiritsa njinga, mmene amayankhira achipongwe. Mabungwe a eni ake alipo, monga FEDOMA imene imasonkhanitsa mabungwe a anthu a ulumali, APAM ya anthu achialubino, MANAD ya a vuto la kumva, ndi Malawi Union of the Blind ya osaona. Funsani kuboma ngati ali ndi nthambi kapena membala pafupi. Pa 3 December, tsiku lokumbukira anthu a ulumali padziko lonse, kukakhala zochitika m'boma lanu, yesetsani apiteko.

Gawo lachisanu ndi chitatu: malire, ndalama ndi nkhanza

Musamapereke ndalama, musamabwereke, musamasunge zake. Kugulirana fanta kapena chimanga chootcha monga mabwenzi palibe vuto, ndipo tsiku lina mulole iye akugulireni. Koma mukayamba kugula sopo mwezi uliwonse, mwasanduka bungwe, ndipo tsiku limene mudzalephere chibwenzi chidzathera pomwepo. Musalonjeze njinga, opaleshoni kapena sukulu zimene sizili m'manja mwanu. Nenani kuti tikafunse limodzi. Za mafupa ndi zipangizo zoyendera zambiri zimathera kuzipatala za ku Blantyre, ku Queens, ku Kachere kapena ku Beit CURE kwa ana, koma njira yake imayambira pa chipatala cha boma lanu ndi kalata yotumizira.

Chezerani poonekera, pakhonde kapena pansi pa mtengo, osati m'chipinda chotseka. Kusambitsa ndi kuperekeza kuchimbudzi ndi za apabanja, pokhapokha mutagwirizana momveka bwino ndi iye ndi makolo. Zimene wakuuzani zisafike pa mjigo.

Chinsinsi chimodzi chokha ndi chimene simuyenera kusunga: akakuuzani, kapena mukaona zizindikiro, kuti wina akumugwiririra, kumumenya, kumumanga kapena kumumana chakudya. Atsikana a vuto la kumva ndi a ulumali wa mu ubongo ndiwo amachitiridwa kwambiri, chifukwa wochitayo amadalira kuti sakanena kapena sakakhulupiriridwa, ndipo kawirikawiri amakhala munthu wodziwika pakhomopo. Mukhulupirireni. Muuzeni kuti nkhaniyi simungaisunge nokha ndipo mumuuze amene mukamuuze. Musakafunse woganiziridwayo, musalole kuti ithere pa mbuzi ya chindapusa. Pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi kapena kwa woona za chitetezo cha ana wa m'dera lanu. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana. Wogwiriridwa afike kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Chimodzimodzi akayamba kulankhula zoti bola kufa, musazitenge ngati zocheza. Khalani naye, dziwitsani wamkulu amene iye amamukhulupirira, mupite naye kuchipatala.

Gawo lachisanu ndi chinayi: kambiranani za madzi mvula isanayambe

Amene tinaona madzi osefukira a January wa 2015, ndi anamondwe aja, Idai mu March 2019, Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023 tikudziwa kuti madzi akabwera usiku aliyense amanyamula mwana wake ndi thumba la ufa. Wosayenda, wosaona ndi wosamva ndiwo amatsalira. Ndiye mu November khalani pansi ndi banja lonse, iye ali pomwepo, mugwirizane: ndani adzamunyamule, ndipo ameneyo akadzakhala kulibe ndani wina, adzadzera njira iti popita kumtunda, ndani adzamudzutse wosamva, poti mluzu ndi chimkuzamawu sizimufika. Mankhwala, buku la kuchipatala ndi chiphaso zikhale mu jumbo yomanga bwino, pamalo amene iye angafikire mumdima. Njinga kapena ndodo zisasiyidwe ngati n'kotheka, chifukwa kukampu munthu wopanda njinga yake amabwerera pamphasa paja. Kadziwitseni a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuti dzina lake likhale pa mndandanda wa oyamba kusamutsidwa, ndipo ngati mungathe, iye akalankhule yekha pa msonkhano wawo.

Gawo lotsiriza: posiya

Tsiku lidzafika loti musamuke, mukwatire, mupite kusukulu kapena mungotopa. Nenani mwezi wathunthu nthawi isanakwane, munene chifukwa chenicheni, kuti asaganize kuti analakwa. Masabata otsalawo muzibwera ndi amene adzapitirize, ndipo muchepetse maulendo pang'onopang'ono m'malo modula kamodzi. Ngati mwati muziimba foni, nenani tsiku limene mungakwanitsedi, ngakhale kamodzi pamwezi.

Kwa ine sizinafike n'komwe potsanzikana mwadongosolo. Lachitatu lina, patatha chaka ndi miyezi, ndinafika pakhomo paja n'kupeza mphasa itapindidwa, yatsamira khoma. Mayi ake anali akupeta mapira. Ndinafunsa kuti achimwene ali kuti, iwo osadzutsa n'komwe mutu anati, "Apita pa trading kuyambira m'mawa, akuti kuli mafoni ambiri lero." Ndinamutsatira komweko. Ndinamupeza pansi pa nimu, mafoni 6 ali pa sola, iye ali pakati pa bawo ndi wakabaza wina, anyamata atatu atamuzungulira. Anandiyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndikhale pabenchi ndidikire, pamzere wa bawo ndine wachitatu.